Ndikuopa kudzasanza ndikatsitsimuka pa opaleshoni ya chithokomiro

"Adokotala, ndine mayi wa zaka 36. Ndili ndi chotupa cha chithokomiro pakhosi chomwe chakula mpaka ndikagona chagada ndimabanika, ndipo andipatsa tsiku la opaleshoni mwezi wamawa. Mpeni sindikuuopa kwenikweni. Chikundisowetsa tulo ndi kusanza. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo anandichotsa apendikisi, ndipo nditatsitsimuka ndinasanza usiku wonse mpaka kumatuluka ndulu yokhayokha, bala likuwawa ngati ling'ambika. Ndine munthu woti ngakhale mu minibasi ndimakwera ndi jumbo m'manja. Fodya sindinasutepo. Tsopano bala likhala pakhosi: ndikadzasanza sindidzatsamwa n'kufa? Mnzanga akuti ndisale kudya masiku awiri kuti m'mimba mudzakhale mopanda kanthu. Kawiri konse ndafuna kukawauza achipatala kuti ndasintha maganizo."

Amayi, mantha anuwa si aubwana ayi. Odwala ambiri amene anasanzapo atatsitsimuka amanena kuti ululu wa bala angaupirire, koma nseru ija safuna kuionanso. Ife ogoneka odwala tulo ta opaleshoni timalidziwa vutoli, timatha kulosera amene lingamugwere, ndipo mankhwala olitsekereza alipo, ena otsika mtengo kwambiri. Zimene mwalemba m'kalatamu ndi zomwe wogoneka odwala amafunika kumva asanakukhudzeni. Choncho tsiku lanu musalisinthe. Chotupa chomwe chayamba kukubanikitsani sichidikira, ndipo chikakulirakulira ntchito yoteteza njira yanu yopumira imavutiranso.

Ndisakunamizeni: inu muli m'gulu la anthu amene nseru imawakonda. Pa anthu onse ogonekedwa tulo ta opaleshoni, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amamva nseru kapena kusanza tsiku loyamba. Mu 1999, dokotala wina wa ku Germany, Christian Apfel, ndi anzake anapeza zinthu zinayi zomwe zimalosera bwino vutoli: kukhala wamkazi, kusasuta fodya, kukhala munthu amene anasanzapo pambuyo pa opaleshoni kapena amasanza paulendo, ndiponso kulandira mankhwala amphamvu othetsa ululu a mtundu wa morphine opaleshoni ikatha. Wopanda chilichonse mwa zinayizi, mpata wake ndi pafupifupi 10 pa 100. Wa chimodzi 20, wa ziwiri 40, wa zitatu 60, wa zonse zinayi pafupifupi 80 pa 100. Inu zitatu muli nazo kale. Chachinayi chili m'manja mwa amene adzakusamalireni, ndipo tibwererako. Onjezanipo kuti simunafike zaka 50, komanso kuti opaleshoni ya chithokomiro payokha imadziwika kuti imabweretsa nseru. Manambalawa ndi a munthu amene sanapatsidwe chomuteteza chilichonse, ndipo ntchito yake ndi kutiuza kuti inu musalowe mu thiyeta popanda chitetezo chokwanira.

Za fodyazo, wina asakupusitseni kuti muyambe kusuta. Osuta amasanza mocheperako, inde, koma mabala awo amachedwa kupola ndipo chifuwa chimawavuta akatsitsimuka. Wosuta amatsokomola kwambiri, ndipo pa bala la pakhosi kutsokomola n'koipa mofanana ndi kusanza.

Mnzanu uja akuganiza kuti kusanza kumayambira m'mimba. Kwa munthu wogonekedwa, kumayambira mu ubongo. Kunsi kwa ubongo, cha kunkhongoku, kuli kamalo kamene kamalawa magazi nthawi zonse. Kakamva mankhwala achilendo, monga mpweya wogonetsa kapena morphine, kamaganiza kuti mwadya poizoni ndipo kamalamula kuti m'mimba mukhuthulidwe, kaya muli chakudya kaya mulibe. N'chifukwa chake usiku uja munkatulutsa ndulu yokhayokha: m'mimba munali mopanda kanthu, koma lamulo linkabwerabe. Uthenga wina umachokera mkati mwa khutu, m'mene muli tiziwalo tomwe timamva kugwedezeka kwa thupi. Tanu n'tatcheru kale, umboni wake ndi jumbo ya mu minibasi ija, ndipo morphine ndi mnzake wothetsa ululu wotchedwa pethidine amatichititsa tcheru koposa. Ndiye munthu amakhala bwinobwino ali gone, koma akangomukankha pa machira kupita ku wodi, kapena akadzuka mofulumira, zayambika. Uthenga wachitatu umachokera m'mimba ndi kukhosi: magazi omezedwa, mpweya wolowa m'mimba, kukhudzidwa kwa mitsempha ya pakhosi. Pa opaleshoni yanu mutu umapendekedwa chambuyo kwa ola limodzi kapena awiri, ndipo madokotala amagwira ntchito pafupi ndi mtsempha waukulu wotchedwa vagus womwe umalumikiza ubongo ndi m'mimba. Kutsika kwa BP, kuchepa kwa madzi m'thupi, ululu wosathetsedwa ndi mantha zimathira mafuta pamoto.

Popeza misewu yopita ku kamalo kaja ndi ingapo, mankhwala amodzi satseka yonse. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kafukufuku wamkulu wa odwala oposa 5,000 yemwe anatuluka mu 2004 anaonetsa kuti mankhwala atatu, ondansetron, dexamethasone ndi droperidol, alionse paokha amachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a chiopsezo chomwe chatsala, ndipo mukawaphatikiza phindu lake limawonjezekera. Tiwerengere limodzi. Munthu wa 80 pa 100 akalandira amodzi amatsikira cha ku 60, akalandira awiri cha ku 45, atatu cha ku 33. Mukachotsanso morphine ndi kuchepetsa mpweya wogonetsa, nambala imatsikirabe. Sifika pa ziro, ndipo amene angakulonjezeni ziro akukunyengererani. Koma kumbukirani kuti nambalazi zikuphatikiza ndi amene amangomva kanseru kwa theka la ola n'kutha. Usiku wonse wa ndulu ngati uja ndi wosowa kwa munthu amene watetezedwa bwino ndipo akuyang'aniridwa.

Dexamethasone ndiye woyamba amene ndingafune kuti mulandire, mamiligalamu 4 mpaka 8 kudzera mu dilipi mukangogona. Amachedwa kuyamba koma amagwira tsiku lathunthu, ndipo pa opaleshoni ya pakhosi amathandizanso kuchepetsa kutupa ndi ululu wa kummero. Amapezeka pafupifupi m'chipatala chilichonse chomwe chili ndi thiyeta. Timadikira kuti munthu agone kaye chifukwa akabayidwa mofulumira ali maso amamva kuyabwa kapena kutentha kumaliseche kwa masekondi angapo, zomwe sizoopsa koma n'zodabwitsa. Amakweza shuga kwa tsiku limodzi, choncho wodwala shuga anene kuti azidzamuyeza pafupipafupi. Jakisoni mmodzi sabweretsa kunenepa kapena kufooka kwa mafupa komwe kumabwera kwa omwa mankhwalawa miyezi yambiri.

Ondansetron, mamiligalamu 4, amaperekedwa opaleshoni ikamatha chifukwa mphamvu yake ndi ya maola ochepa. Amaletsa kusanza bwino kuposa momwe amathetsera nseru. Ena amawapweteketsa mutu, ena amadzimbidwa. Amene ali ndi vuto la kagundidwe ka mtima, kapena amamwa mankhwala ena osokoneza kagundidweko, ayenera kunena. Droperidol sapezeka paliponse, koma haloperidol pang'ono, miligalamu imodzi, amagwira ntchito yofanana. Musadabwe mukamva dzinali poti amadziwika ngati mankhwala a odwala maganizo. Mulingo wa nseru ndi wochepa kwambiri. Promethazine, amene ambiri amamudziwa ngati Phenergan, ndi wothandiza makamaka kwa inu osanza paulendo chifukwa amatseka msewu wa mkhutu uja. Vuto lake amagonetsa ndi kuumitsa m'kamwa, ndiye timakonda mulingo wochepa, mamiligalamu 6.25 mpaka 12.5, osati botolo lonse. Ku Britain ntchito imeneyi amakonda kupatsa cyclizine.

Pali metoclopramide, amene m'mawodi athu ndiye amathamangiridwa msanga munthu akayamba kusanza. Ine ndimamuika kumapeto. Pa mamiligalamu 10 mphamvu yake yoteteza ndi yochepa, ndipo amayi achitsikana ndi amene kawirikawiri amawabweretsera vuto loumitsa khosi, kutembenuza maso m'mwamba kapena kutulutsa lilime. Vutoli limachizika msanga, koma khosi lopindika lili ndi bala latsopano si chinthu choti tichifune. Ngati palibe china, aperekedwe, koma asakhale yekha chitetezo chanu.

Kenako pali kagonekedwe kake. Mpweya wogonetsa, kaya halothane, isoflurane kapena sevoflurane, ndiye gwero lalikulu la kusanza kwa m'maola awiri oyamba, ndipo munthu akaupuma nthawi yaitali vuto limakulanso. Mpweya wina wotchedwa nitrous oxide umawonjezera. Nkhani zambiri zoopsa zomwe agogo athu amasimba zinachokera kwa ether, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito poyera ku Boston mu 1846 ndipo anakhalitsa m'zipatala za mu Africa maiko olemera atamusiya kalekale. Ether ankasanzitsa anthu ochuluka zedi, ndipo fungo lake linkakhala m'mphuno masiku. Lero pali propofol, mankhwala oyera ngati mkaka olowera mu dilipi, amene payekha amachepetsa nseru. Njira yabwino koposa kwa munthu ngati inu ndi kugonekedwa ndi propofol kuyambira poyamba mpaka pomaliza popanda mpweya wogonetsa. Imafuna kamakina kokankha mankhwala pang'onopang'ono, ndipo si thiyeta iliyonse ili nako. Funsani. Akati palibe, musataye mtima, poti kungoyamba ndi propofol, kupewa nitrous oxide, ndi kupereka mankhwala awiri kapena atatu aja ndi chitetezo chabwino ndithu. Jakisoni wa pamsana, amene amathandiza ambiri kupewa tulo tonse pa opaleshoni za m'munsi mwa mchombo, pakhosi sagwira, choncho imeneyo si njira yanu.

Tibwerere ku chinthu chachinayi chija. Mwayi wanu ndi woti bala la chithokomiro silipweteka ngati la pamimba. Ambiri amadandaula kummero kuwawa pomeza ndi kuuma kwa nkhongo kuposa bala lenilenilo. Dokotala akabaya mankhwala ochititsa dzanzi m'mbali mwa bala kapena m'mitsempha ya m'mbali mwa khosi, inu n'kumalandira paracetamol galamu imodzi maola sikisi alionse osadumphitsa, anthu ambiri safunanso morphine kapena pethidine. Diclofenac kapena ibuprofen amathandiza, koma madokotala ena amafuna kuti tsiku loyamba lidutse kaye poopa magazi, ndipo wa zilonda za m'mimba kapena wa impso zofooka sayenera kumwa. Chenjerani ndi tramadol. Amaoneka ngati kapiritsi wamba koma amasanzitsa kwambiri, makamaka akabayidwa mofulumira. Komabe musachite kulimba mtima n'kumabisa ululu poopa jakisoni, chifukwa ululu waukulu nawonso umabweretsa nseru. Ngati morphine wafunika, aperekedwe pang'onopang'ono, pamodzi ndi woletsa kusanza.

Tsopano za kusala kudya masiku awiri. Musayerekeze. Mudzalowa mu thiyeta muli wofooka, madzi atachepa m'thupi, BP idzatsika mukangogona, ndipo mudzatsitsimuka ndi chizungulire, mutu ndi nseru yoposa. Lamulo lodziwika padziko lonse ndi ili: chakudya chopepuka chimasiyidwa maola 6 opaleshoni isanayambe, chakudya chamafuta kapena nyama maola 8, koma madzi oyera amaloledwa mpaka maola awiri. Madzi oyera ndi omwe mungaonere pansi pa kapu, monga madzi akumwa kapena tiyi wopanda mkaka. Thobwa, maheu, phala, mkaka ndi juwisi wa zipatso wokhala ndi nsenga zimawerengedwa ngati chakudya. Dzulo lake idyani nsima yanu madzulo monga mwa masiku onse, ndiwo zosachuluka mafuta, ndipo mwani madzi okwanira tsiku lonse.

M'zipatala zambiri amangoti musadye kapena kumwa chilichonse kuyambira pakati pa usiku, chifukwa sadziwa kuti adzayamba ndi ndani. Ndiye munthu amapezeka akulowa 2 koloko masana pakhosi pali gwa. Musaswe lamulo lawo mobisa, koma funsani wogoneka odwala kuti ndinu wachingati pa mndandanda, ndipo mungamwe madzi mpaka nthawi yanji. Akachedwa nanu, pemphani dilipi. Madzi okwanira a mu dilipi amachepetsa nseru. Ndipo ngati mwaiwala n'kudya kanthu, nenani. Kusinthidwa nthawi n'kokhumudwitsa, koma kubisa ndi kumene kumapha.

Izi zikutifikitsa pa funso lanu lenileni, loti mungatsamwe. Nthawi yoopsa pa nkhani ya masanzi ndi pamene munthu ali mtulo tofa nato ndipo sangathe kutsokomola, makamaka pogona ndi podzuka. Kusala kwa maola aja cholinga chake n'chimenechi. Mukagona, timalowetsa chubu m'njira ya mpweya chomwe chili ndi kabaluni kumapeto. Kakafufuma kamatseka njira kuti chochokera m'mimba chisalowe m'mapapo. Chubucho sitichotsa mpaka mutayamba kupuma nokha ndi kumeza, ndipo makina oyamwa amakhala pambali. Ngati mumavutika ndi chilungulira, kapena mukukayikira kuti muli ndi pakati, nenani, chifukwa pamenepo kagonekedwe kamasintha. Kusanza komwe inu mukukumbukira kunachitika muli maso. Munthu wamaso thupi lake limatseka lokha njira ya mpweya posanza, monga limachitira kunyumba mukadwala malungo. Bala la pakhosi lili kunja, pakhungu ndi paminofu. Kummero kwanu sikudulidwa, ndipo ulusi suduka chifukwa chosanza kamodzi kapena kawiri.

Chomwe timapewera kusanza pa opaleshoni iyi ndi china. Kukakamira kusanza mobwerezabwereza kumakweza mphamvu ya magazi m'mitsempha ya pakhosi, ndipo kungathandizire kuti kamtsempha komangidwa kayambe kutaya magazi mkati. Kuundana kwa magazi pansi pa bala kumachitikira munthu mmodzi kapena awiri pa 100, kawirikawiri m'maola sikisi oyamba ndipo pafupifupi onse tsiku loyamba lisanathe. Madokotala a opaleshoni amadziwa zimenezi, choncho pempho lanu la mankhwala oletsa kusanza silidzawadabwitsa. Nawonso amafuna mutatsitsimuka mwabata. Inu ndi gadiyani wanu mudziwe zizindikiro zake: khosi kutupa mofulumira, bandeji kuthina, kuvutika kumeza malovu, mawu kusintha mwadzidzidzi, kupuma kwa phokoso, kapena kusakhazikika ngati mukubanika. Zimenezi si zodikira kuti dokotala adzabwera pa raundi mawa. Gadiyani athamange kukaitana namwino nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Mukatsitsimuka, pali zing'onozing'ono zomwe zimathandiza kuposa momwe zimaonekera. Gonani mutu uli pamwamba, mapilo awiri kapena bedi lokwezedwa. Musatembenuze mutu mofulumira. Akamakukankhani kupita ku wodi, tsinzinani kapena yang'anani malo amodzi, ndipo auzeni kuti ayende pang'onopang'ono pokhota. Podzuka koyamba khalani kaye m'mphepete mwa bedi mphindi zingapo miyendo ili lende. Nseru imachenjeza isanafike: malovu amadzaza m'kamwa, thukuta lozizira, kuyasamula. Itanani pamenepo, musadikire kuti musanze kaye ngati umboni. Namwino ayeze BP, aone ngati dilipi ikuyenda, afunse za ululu, kenako apereke mankhwala. Lamulo lake ndi loti apereke a mtundu wina, osati omwe munalandira kale. Ngati munalandira ondansetron mu thiyeta maola sikisi asanathe, kubwereza sikuthandiza. Pamenepo promethazine ndiye woyenera. Dexamethasone sabwerezedwa. N'chifukwa chake ndi bwino kupempha wogoneka odwala kuti alemberetu pa fayilo mankhwala oti mudzapatsidwe nseru ikabwera, kuti namwino wa usiku asachite kusaka dokotala woti alembe.

Ngati kusanza kwafika ndithu, khalani tsonga kapena tembenukirani kumbali, beseni pafupi, dzanja limodzi litagwiriza nkhongo kuti khosi lisagwedezeke. Tsukani m'kamwa, dikirani mphindi 20 kapena 30, yambaninso ndi timadzi tochepa.

Pali njira ziwiri zopanda jakisoni zomwe zili ndi umboni. Yoyamba ndi kununkhiza kathonje konyowetsedwa ndi spiriti wa isopropyl, wopukutira pakhungu asanabaye jakisoni: kokani mpweya m'mphuno katatu mozama, kutulutsira m'kamwa, n'kubwereza pakapita mphindi zingapo. Amadula nseru msanga ngakhale sakhalitsa, ndipo amakugulirani nthawi mankhwala asanayambe kugwira. Yachiwiri ndi kusindikiza malo ena pamkono. Tembenuzani chikhatho m'mwamba, ikani zala zitatu mopingasa kuyambira pa mzere wa polumikizira dzanja, ndipo pomwe chala chachitatu chathera, pakati pa mitsempha iwiri yolimba, sindikizani ndi chala chachikulu mphindi ziwiri kapena zitatu. Sizilowa m'malo mwa mankhwala, koma sizilipiritsa ndipo zimapatsa manja chochita. Jinja amathandiza ena, koma umboni wake pa opaleshoni ndi wosakhazikika. Tiyi wa jinja dikirani mpaka mutaloledwa kumwa. Mankhwala azitsamba alionse asiyeni milungu iwiri opaleshoni isanafike ndipo muwauze achipatala zomwe munkamwa, poti ena amachedwetsa kuundana kwa magazi.

Pa kudya, abale ndi amene amasokoneza chifukwa cha chikondi. Munthu wangotsitsimuka, iwo afika kale ndi nsima, nkhuku yokazinga ndi Fanta, akuti adye apeze mphamvu. Auzeniretu. Mukaloledwa, yambani ndi madzi, supuni zingapo mphindi khumi zilizonse. Akakhazikika kwa ola limodzi, tiyi wopepuka, kenako phala lamadzimadzi, nthochi, mpunga wofewa kapena buledi. Zamafuta, zatsabola ndi zakumwa za gasi zidikire mawa. Palibe chifukwa chodzikakamiza kudya tsiku loyamba ngati dilipi ikuyenda. Fungo la zakudya za odwala anzanu ndi mafuta onunkhira a alendo nazonso zimadzutsa nseru, ndiye ngati n'kotheka pemphani bedi la pafupi ndi zenera.

Simunanene ngati mumamwa mankhwala ena. Ngati chithokomiro chanu ndi chogwira ntchito mopyola muyeso ndipo muli pa carbimazole kapena propranolol, kawirikawiri amamwedwa ngakhale m'mawa wa opaleshoni ndi kamadzi kochepa; funsani kuti akuuzeni mwachindunji. Chimodzimodzi ma ARV, mankhwala a khunyu ndi ena a BP. A shuga ndiwo amasinthidwa, ndipo metformin samwedwa munthu akusanza osasunga madzi. Mukasanza mutangomeza piritsi, kapena mwaliona m'masanzi, uzani namwino m'malo mongobwereza nokha. Mapiritsi olera akasanzidwa maola awiri asanathe, amafunika kumwa ena.

Nseru ya mankhwala ogonetsa imakula m'maola oyamba, imachepa usiku, ndipo pofika tsiku lachiwiri imakhala itatha kwa ambiri. Ena imawayamba panjira yopita kunyumba, ndipo inu ndi minibasi mukudziwana kale. Pemphani piritsi loletsa kusanza loti mumwe theka la ola musananyamuke, khalani mpando wakutsogolo, yang'anani kutali, foni isiyeni m'chikwama. Kunyumba, ngati mukusanzabe pang'ono, Thanzi ORS kapena madzi owiritsa lita imodzi osakaniza ndi masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere, kumwa pang'onopang'ono, zimabwezera zomwe mwataya.

Bwererani kuchipatala tsiku lomwelo ngati kusanza kwapitirira maola 24, ngati madzi sakukhazikika m'mimba, ngati mkodzo wachepa kwambiri kapena mwatha maola 8 osakodza, ngati masanzi ali ndi magazi kapena akuoneka ngati khofi, kapena ngati mutasanza mwayamba kutsokomola, kutentha thupi ndi kupuma movutikira. Pa opaleshoni yanuyi onjezani ziwiri. Dzanzi kapena kunyerenyetsa kuzungulira milomo ndi kunsonga za zala, kapena zala kukokana, zimasonyeza kuti kashiamu watsika m'magazi, zomwe zimachitika tsiku loyamba mpaka lachitatu chifukwa tiziwalo tating'ono toyang'anira kashiamu tili kumbuyo kwa chithokomiro. Ngati mukusanza mapiritsi a kashiamu omwe anakupatsani, musadikire. Ndipo kusanza kobwera pamodzi ndi kutentha thupi kwambiri, mtima kuthamanga ndi kusokonezeka mutu kungakhale chithokomiro cholusa, chomwe n'chosowa koma n'changozi. Kwa owerenga ena amene opaleshoni yawo ndi ya pamimba: masanzi obiriwira, mimba yotupa ndi kusatulutsa mpweya kumasonyeza kuti matumbo aima kapena atsekeka, ndipo si nkhani ya mankhwala ogonetsanso.

Mantha enieniwo nawonso ndi oyenera kuwasamalira. Ngati akungokhudza opaleshoniyi, kukambirana ndi wogoneka odwala kumawachepetsa, ndipo mankhwala a midazolam pang'ono musanalowe mu thiyeta amakhazika mtima pansi komanso amachepetsako nseru. Koma ngati kuopa kusanza kumakulamulirani moyo wonse, mumapewa maulendo, zakudya za kwa anthu, kapena kusamalira mwana wodwala, limenelo ndi vuto lodziwika lomwe alangizi a zamaganizo amachiza pokambirana ndi kuzolowetsa pang'onopang'ono, ndipo mungayambe mwezi uno usanathe.

M'zipatala zathu zambiri wogoneka odwala, kaya ndi dokotala kaya clinical officer wa ntchitoyi, amabwera ku wodi madzulo a dzulo lake, nthawi zina mothamanga. Musadikire kuti akufunseni. Lembani pa pepala: ndinasanza usiku wonse pa opaleshoni yapita, ndimasanza paulendo, sindisuta, mankhwala omwe ndimamwa ndi awa. Mufunseni kuti adzakupatsani mankhwala angati oteteza ndipo ndi ati, ngati propofol alipo, adzathetsa bwanji ululu popanda kudalira pethidine, ndipo walemba chiyani choti mudzapatsidwe ku wodi. Funso loti ondansetron alipo kapena ayi lifunseni sabata imodzi isanafike, ku kiliniki, kuti ngati wasowa akulembereni mukagule ku famase nthawi ilipo. Potuluka, m'pempheni alembe m'buku lanu la kuchipatala mankhwala omwe munagonekedwa nawo, omwe munalandira oletsa kusanza, ndi momwe munatsitsimukira, kuti wodzakugonekani ulendo wina adzapeze poyambira.